Ndikumwa fluoxetine koma serotonin watsika m'magazi: kodi mankhwalawa akundimaliza?

Funso: Adokotala, ndine mayi wa zaka 38. Anandipeza ndi matenda ovutika maganizo, aja ena amati dipuleshoni, ndipo anandilembera fluoxetine, kapisozi imodzi ya 20 mg m'mawa uliwonse. Pano ndamwa masabata 10. Tulo tayamba kubwera, kuntchito ndabwerera, koma masiku ena mtima umalemerabe. Ndinawerenga kuti mankhwalawa amawonjezera serotonin, choncho ndinapita ndekha ku labotale kukayezetsa magazi kuti ndione ngati wakweradi. Pepala latuluka likusonyeza kuti serotonin wanga ali pansi kwambiri pa mlingo woyenera. Achemwali anga akuti mankhwalawa akundimaliza, ndisiye. Mnzanga wina akuti ndizimwa makapisozi awiri, kapena ndigule mapiritsi a 5-HTP owonjezera serotonin. Nditani?

Yankho: Mayi, mwachita bwino kufunsa musanatsatire lililonse la malangizo atatuwo. Musasiye mankhwala, musawonjezere kapisozi panokha, ndipo 5-HTP ameneyo musagule. Pepala lanu silinalakwike, koma silikunena zimene achemwali anu ndi mnzanuyo akuganiza. Munthu amene wamwa fluoxetine mosadumphitsa kwa masabata 10 amayenera kupezeka ndi serotonin wochepa m'magazi, wochepa zedi. Mukanandibweretsera pepala losonyeza kuti ali pa mlingo wa munthu amene sali pamankhwala, ine ndikanayamba ndi kukufunsani ngati makapisoziwo mukumwadi tsiku lililonse. Ndikudziwa kuti zikumveka zotembenuka, ndiye mundilole ndifotokoze bwinobwino kuti mtima ukhale m'malo.

Anthu ambiri akamva za serotonin amaganiza za ubongo, koma dzinali linabadwira m'magazi. Mu 1948, ku Cleveland Clinic m'dziko la America, Maurice Rapport, Arda Green ndi Irvine Page anapatula kanthu kena kofinyitsa mitsempha ya magazi m'madzi amene amatsala magazi akaundana. Madziwo amatchedwa serum, ndipo dzina lakuti serotonin linachokera pamenepo. Ku Italy, Vittorio Erspamer anali atapeza kale kanthu komweko m'matumbo m'zaka za m'ma 1930 n'kukatcha enteramine, ndipo mu 1952 zinadziwika kuti ndi chinthu chimodzi. Mu ubongo anamupeza pomalizira, mu 1953, chifukwa cha ntchito ya Betty Twarog. Ndipo mmene anapezekeramo ndi mmenenso thupi lilili. Pafupifupi 90 peresenti ya serotonin yense wa m'thupi mwanu amapangidwa m'matumbo, komwe amathandiza kuti matumbowo aziyenda ndi kukankha chakudya. Ngati masiku oyambirira a mankhwalawa munkamva nseru kapena munkatsegula m'mimba, chifukwa chake n'chimenechi. Ubongo umapanga wakewake, wochepa kwambiri tikayerekeza ndi wa m'matumbo.

Awiriwa sakumana. Mitsempha ya magazi ya mu ubongo ili ndi makoma othithikana, ngati mpanda wosefa zolowa. Tryptophan, kachigawo ka zakudya zomanga thupi kamene serotonin amapangidwa kuchokera kwa iko, kamadutsa mpandawo, koma serotonin wopangidwa kale sadutsa. Ngakhale puloteni yoyambitsa ntchito yomupanga ndi yosiyana: m'matumbo ndi TPH1, mu ubongo ndi TPH2, ndipo yachiwiriyi anaipeza ndi ofufuza a ku Berlin mu 2003. Choncho magazi amene anakutengani pamkono ananyamula serotonin wa m'matumbo. Wa mu ubongo sanalowemo n'komwe m'kabotolo kaja.

Tsono wa m'matumboyo akalowa m'magazi, thupi silimulola kumangoyendayenda, popeza ndi wamphamvu pa mitsempha. Amatoledwa ndi mapulateleti, tizidutswa ting'onoting'ono ta m'magazi timene timathamangira pabala kukatseka kuti magazi asiye kutuluka. Mapulateleti sapanga serotonin. Chimene ali nacho ndi khomo lolowetsera, puloteni yotchedwa SERT, ndipo serotonin yense amene anyamula analowera pakhomo limenelo n'kusungidwa m'timatumba m'kati mwawo. Pafupifupi yense wa m'magazi ali m'timatumba timeneti. Magazi akaundana m'kabotolo ka ku labotale, mapulateleti amakhuthula katundu wawo, ndipo makina amawerenga katundu ameneyo. Labotale ikamati yayeza serotonin m'magazi, kwenikweni yayeza zimene mapulateleti anu ananyamula.

Khomo lomweli, lopangidwa ndi jini imodzimodziyo, lilinso pa maselo a mu ubongo amene amatumiza uthenga pogwiritsa ntchito serotonin. Selo imamutulutsira m'kampata kamene kali pakati pa iyo ndi inzake, uthenga n'kuperekedwa, kenako imamubweza m'kati kudzera pakhomo lija. Ntchito ya fluoxetine ndi anzake a gulu la SSRI, monga sertraline, paroxetine, citalopram ndi escitalopram, ndi kutseka khomolo. Mankhwala sasankha. Akatseka mu ubongo, atsekanso pa mapulateleti. Koma taonani kumene kwagona nkhani. Mu ubongo, wofunika ndi serotonin amene ali panja, m'kampata muja, ndipo khomo likatsekedwa amakhalitsa pamenepo. M'magazi, amene labotale imawerenga ndi wa m'kati, ndipo khomo likatsekedwa salowanso. Pulateleti imodzi imakhala masiku 8 mpaka 10 okha. Akale amene anali odzaza amatha, atsopano amachokera m'mafupa ali opanda kanthu n'kupeza khomo lotseka. Pakapita masabata angapo, serotonin woyezedwa m'magazi amakhala atatsika ndi 80 peresenti kapena kuposerapo. Amene walephera kulowa amaphwanyidwa, makamaka m'chiwindi, zotsala zake n'kutulukira mumkodzo. Ofufuza ena amagwiritsa ntchito kutsika kumeneku ngati umboni wakuti munthu akumwadi mankhwala ake. Ndiye ngati pepala lanu likukuchitirani umboni uliwonse, ndi wakuti mwakhala mukumwa mokhulupirika.

Chimene chimanditsimikizira ine kuti nambala imeneyi siyeza kuchira ndi ichi. Tengani anthu atatu odwala matenda omwewa. Woyamba ali pa fluoxetine ngati inu, ndipo serotonin wa m'magazi ake wagwa. Wachiwiri ali pa phenelzine, mankhwala akale a gulu la MAOI, amene satseka khomo koma amaletsa puloteni yophwanya serotonin, ndipo wake wakwera. Wachitatu ali pa mirtazapine kapena bupropion, amene salikhudza kwenikweni khomo la SERT, ndipo wake sanasinthe kwambiri. Atatu onsewa akhoza kuchira bwinobwino, akhozanso osachira. Ngakhale pakati pa omwa fluoxetine okhaokha, amene wachira ndi amene sanachire onse amapezeka otsika. Chiyezo chimene chikupereka yankho limodzi kwa wochira ndi wosachira sichingatiuze chochita.

Nanga kuyeza kumeneku kulipo chifukwa chiyani? Ntchito yake ndi ya matenda ena, zotupa zosowa zotchedwa carcinoid, zimene kawirikawiri zimayambira m'matumbo kapena m'mapapo ndipo zina zimatulutsa serotonin wambirimbiri. Wodwala amatsegula m'mimba kosalekeza, nkhope ndi khosi n'kumatentha mwadzidzidzi, nthawi zina n'kumabanika. Pamenepo dokotala amafuna kuona ngati nambala yakwera mopitirira muyeso, ndipo nthawi zambiri amayezanso 5-HIAA, zotsala za serotonin akaphwanyidwa, mu mkodzo wa maola 24. Mlingo woyenera umene wasindikizidwa papepala lanu ndi wa anthu amene sakumwa SSRI, ndipo malire ake a m'munsi alibe tanthauzo pa matenda anu. Zimandipweteka ndithu kuti munthu wovutika kale maganizo amatha kutengedwa magazi n'kupatsidwa pepala lotere popanda womufunsa kuti akumwa mankhwala anji, popandanso womufotokozera tanthauzo lake. Amachoka ndi mantha amene sanabwere nawo.

Mwina mukuti, chabwino, wa m'magazi tamusiya, nanga wa mu ubongo anali wochepa pamene ndinkadwala? Apa ndinene mosabisa. Ganizo lakuti matendawa amabwera chifukwa cha kuchepa kwa serotonin linayamba kumveka kwambiri mu 1967, pamene dokotala wa ku Britain, Alec Coppen, analemba za nkhaniyi. Linali ganizo loyenera kufufuzidwa. Koma fluoxetine atavomerezedwa ku America kumapeto kwa 1987 n'kuyamba kugulitsidwa ndi dzina la Prozac, ganizolo linafalikira ngati chinthu chotsimikizika, ndipo madokotala ambiri tinalibwereza kwa odwala chifukwa ndi losavuta kufotokoza. Mu 2022, Joanna Moncrieff wa ku London ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wa zaka zambiri m'magazini ya Molecular Psychiatry, nanena kuti palibe umboni wokhazikika wakuti odwala matendawa ali ndi serotonin wochepa. Akatswiri ena anatsutsa njira zimene iwo anatsatira, ndipo mkanganowo sunathe. Zilipo zosonyeza kuti serotonin ali ndi gawo lake. Anthu amene anachira ndi SSRI akapatsidwa chakumwa chotsitsa tryptophan m'thupi kwa maola angapo, ochuluka ndithu amabwerera m'kukhumudwa kwa kanthawi, pomwe anthu amene sanadwalepo matendawa nthawi zambiri sasintha. Kuona kwanga n'kwakuti serotonin ali ngati chogwirira chimene mankhwala amagwira kuti asunthe ubongo. Chithunzi cha thanki youma imene ikufunika kudzazidwa n'chimene chakutumizani ku labotale, ndipo n'chithunzi cholakwika.

Funso lakuti kodi mankhwalawa amathandiza limayankhidwa poyesa pa odwala enieni. Mu 2018, Andrea Cipriani wa ku Oxford ndi anzake anafalitsa m'magazini ya The Lancet zotsatira zophatikiza mayeso 522, a anthu oposa 116,000, pa mankhwala 21. Onse 21 anaposa mapiritsi opanda mankhwala m'kati. Kusiyanako si kwakukulu mukaphatikiza anthu onse pamodzi, chifukwa ena amathandizidwa kwambiri, ena pang'ono, ena ayi, ndipo palibe chiyezo cha magazi chimene chimatiuziratu kuti munthu ali m'gulu liti. Nthawi yakenso imatiphunzitsa kanthu. Khomo limayamba kutsekeka tsiku lomwe mwamwa kapisozi yoyamba, koma mtima umayamba kupepuka pakatha masabata awiri mpaka anayi, ndipo phindu lonse limaoneka pa masabata 6 mpaka 8 kapena kuposa. Chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri amapereka n'chakuti maselo opanga serotonin ali ndi mabuleki awo, otchedwa 5-HT1A, amene amayamba kugwira ntchito serotonin akachuluka pafupi nawo, ndipo zimatenga masabata kuti mabulekiwo afooke. Catherine Harmer, nayenso wa ku Oxford, anaonetsa china chimene ine ndimachikonda kwambiri. M'masiku oyambirira enieni, munthu asanamve kusintha kulikonse, ubongo umayamba kuchepetsa chizolowezi chake chongotola zoipa, monga kuona mkwiyo kapena mantha pankhope za anthu n'kuphonya chimwemwe. Kenako munthu akamakumana ndi anzake tsiku ndi tsiku ali ndi maso atsopanowo, mtima umatsatira pang'onopang'ono. Choncho kubwerera kwanu kuntchito ndi mbali ya chithandizo chomwecho. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mankhwala amenewa amafunadi kudekha.

Za makapisozi awirizo. Mu 2004, Jeffrey Meyer ndi anzake ku Toronto anajambula ubongo wa anthu omwa mankhwala a gulu limeneli ndi makina a PET, amene amaonetsa kuchuluka kwa makomo a SERT amene atsekedwa. Anapeza kuti pa mlingo woyambira wochiritsa, umene kwa fluoxetine ndi 20 mg imene mukumwayo, pafupifupi 80 peresenti ya makomo amakhala atatsekedwa kale. Mukawirikiza mlingo mumangowonjezera pang'ono pamwamba pa 80 imeneyo, pomwe zovuta monga kusowa tulo, kusakhazikika, thukuta ndi kuzilala kwa chilakolako cha m'banja zimatha kukula. Alipo odwala amene timawakwezera kufika pa 40 mg n'kupindula, koma chimene chimatitsogolera ndi mmene akumvera. Inuyo mukanawonjezera n'cholinga chokweza nambala ya papepala, nambalayo ikanangotsikirabe.

Pa malangizo onse amene mwapatsidwa, amene andidetsa nkhawa kwambiri ndi a 5-HTP. Mosiyana ndi serotonin, 5-HTP amadutsa mpanda wa ubongo uja, akalowa n'kusanduka serotonin. Kuthira wowonjezera pomwe makomo obwezera ali otseka kukhoza kuyambitsa vuto lotchedwa serotonin syndrome. Limayamba msanga, kawirikawiri pasanathe maola 24 chiphatikizireni mankhwala. Munthu amasowa mtendere, amanjenjemera, thukuta lili kamukamu, mtima ukuthamanga, m'mimba mukutseguka, minofu ikudumphadumpha makamaka m'miyendo, ndipo zikafika poipa thupi limatentha kwambiri, minofu imauma gwa, mutu n'kusokonezeka. Likhoza kupha. Mankhwala ena amene amachita zomwezi akakumana ndi fluoxetine ndi tramadol ndi pethidine opha ululu, linezolid wopha mabakiteriya, dextromethorphan wopezeka m'mankhwala ena a chifuwa, chitsamba cha St John's wort, ndi a gulu la MAOI aja. Ndipo ngakhale vuto limeneli, la serotonin wochuluka, sitilipeza poyeza magazi. Timalipeza pomva mankhwala amene munthu wamwa, pomugogoda pabondo, ndi pomupinda phazi kuti tione ngati liyamba kugunda lokha. Munthu akhoza kukhala ndi pepala ngati lanuli m'thumba, lolembedwa kuti serotonin ndi wotsika, chikhalirecho ali pangozi ya serotonin wochuluka mu ubongo. Zizindikiro zimenezi zikaoneka, n'kuchipatala nthawi yomweyo.

Komabe pepalalo musalitaye ngati lopanda pake, chifukwa lili ndi chenjezo limodzi lenileni, lokhudza magazi enieniwo. Serotonin amene mapulateleti amanyamula ali ndi ntchito. Mukachekeka, mapulateleti oyamba kufika pabala amamukhuthula, iye n'kuthandiza kuti anzawo amatirirane komanso kuti kamtsempha kafinyike. Mapulateleti opanda serotonin amagwirabe ntchito popeza ali ndi njira zina, koma amafookerako. Anthu ambiri saona kusintha kulikonse. Ena amaona mikwingwirima imene sakudziwa kumene yachokera, kamfuno, magazi m'nkhama potsuka mano, kapena msambo wochuluka kuposa kale. Choopsa kwambiri ndi kutaya magazi m'mimba, ndipo ngoziyi imakula SSRI akaphatikizidwa ndi ibuprofen, diclofenac, aspirin kapena mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin. Mutu ukamapweteka, kapena m'mimba mukamapota nthawi ya msambo, woyamba kumuganizira akhale paracetamol. Msambo ndautchula dala, chifukwa amayi ambiri amamwa ibuprofen kapena diclofenac mwezi uliwonse osaganiza n'komwe kuti n'zoyenera kumuuza dokotala. Ngati aspirin kapena warfarin munapatsidwa chifukwa cha mtima, musasiye nokha. Uzani dokotala, amene nthawi zina amawonjezera omeprazole woteteza m'mimba. Chimbudzi chakuda bii ngati phula, kapena kusanza magazi, si zodikira kuti kuche. Mukamapita ku opaleshoni, kukazulitsa dzino, kapena mukakhala oyembekezera, atchulireni fluoxetine ameneyu. Omwa SSRI m'mwezi womaliza wa mimba amakhala ndi chiopsezo chokulirapo pang'ono chotaya magazi ambiri pobereka, ndipo azamba akadziwiratu amakonzekera.

Tibwerere pa chimene munkafuna kudziwa pamene munkapita ku labotale, chifukwa funso lanu linali labwino: kodi mankhwalawa akugwira? Yankho mwalilemba nokha m'kalata yanu. Tulo tayamba kubwera, kuntchito mwabwerera. Zimenezo ndi zimene ife timayeza. Ndikumvetsa chifukwa chake munthu amalakalaka nambala. Wa shuga ali ndi nambala yake, wa BP ali ndi yake, ndipo wovutika maganizo, amene mwina anauzidwapo kuti akungodzipangitsa kapena kuti ndi ulesi, amafuna pepala loti aonetse anthu kuti akudwaladi. Mayi, matenda anu ndi enieni ngakhale palibe chiyezo cha magazi chowaonetsa. Ngati mukufuna nambala, ilipo. Pali mafunso 9 otchedwa PHQ-9, ofunsa za masabata awiri apitawa: chidwi pa zinthu, kukhumudwa, tulo, kutopa, kadyedwe, kudziona wolephera, kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kuchita zinthu mozizira kapena mosakhazikika, ndi maganizo ofuna kufa. Funso lililonse lili ndi mapointi 0 mpaka 3, onse pamodzi 27. Mapointi akatsika ndi theka timati mankhwala akugwira, akafika pansi pa 5 timati munthu wachira. Mukamayankha mafunsowa masabata awiri kapena anayi alionse n'kulemba deti, mudzaona bwino kumene mukulowera. Kungodalira kukumbukira kumapusitsa, chifukwa kwa wovutika maganizo tsiku limodzi loipa limakwirira masiku abwino onse amene anadutsa.

Mawu anu akuti masiku ena mtima umalemerabe sindikuwadumpha. Masabata 10 ndi nthawi yoyenera kukhala pansi ndi amene anakulemberani mankhwala n'kuona ngati mwafika pamene mumayenera kufika. Cholinga ndi kuchiriratu, chifukwa zotsalira zimakonda kukoka matenda kuti abwerere. Musadabwe akakuuzani kuti pakufunika kusintha kwina. Pa kafukufuku wamkulu wa STAR*D ku America, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2006, pafupifupi munthu mmodzi yekha pa atatu alionse ndi amene anachiriratu ndi mankhwala oyamba, ndipo enawo anafunika kusinthiridwa kapena kuwonjezeredwa chithandizo. Dokotala akhoza kukweza mlingo, kusintha mankhwala, kapena kukutumizani ku uphungu wokambirana monga CBT, umene ukayenda limodzi ndi mankhwala umathandiza kuposa chimodzi pachokha. Adzafunanso kudziwa za mowa, za ululu wa m'thupi, ndi zimene zikuchitika pamoyo wanu, popeza kapisozi sichotsa ngongole, chisoni cha maliro kapena nkhanza za m'banja. Ndipo apa ndi pamene kuyeza magazi kuli ndi phindu. Kuchepa kwa magazi, chithokomiro chofooka ndi shuga zimabweretsa kutopa ndi kulefuka kofanana ndi matendawa. Ngati msambo wanu wachuluka chiyambireni mankhwala, kuyeza kuchuluka kwa magazi kukhale koyamba. Kwa okalamba ndi omwa mankhwala okodzetsa timayezanso mchere wa sodium, chifukwa SSRI amatha kuutsitsa mpaka munthu kusokonezeka.

Achemwali anu akulankhula chifukwa chokukondani. Aliyense akaona pepala lonena kuti m'bale wake ali ndi chinachake chotsika amachita mantha. Auzeni kuti palibe chimene chikutha m'thupi mwanu. Matumbo akupangabe serotonin, ubongo ukupangabe wake, ndipo mukadzasiya mankhwala mwadongosolo, n'kutheratu m'thupi, mapulateleti atsopano adzayambanso kudzaza. Choopsa n'kusiya pano. Munthu akachira amayenera kupitirizabe kumwa kwa miyezi 6 kapena kuposa. Amene adwalapo kangapo amapitirira apo. Fluoxetine ali ndi msampha wakewake. Amachedwa kutuluka m'thupi, chifukwa chiwindi chimamusandutsa norfluoxetine amene amakhalamo masabata angapo. Mukasiya lero, sabata yoyamba ndi yachiwiri mudzamva bwinobwino, aliyense n'kumati mwaonatu, sankafunika. Matenda akamadzabwerera patatha mwezi umodzi kapena iwiri, palibe amene adzakumbukire kuti chiyambi chake chinali kusiya kuja. Paroxetine ndi venlafaxine amatuluka msanga, ndipo wowasiya mwadzidzidzi amamva chizungulire, nseru, maloto oopsa ndi kuthetheka m'mutu ngati shoko ya magetsi pasanathe masiku ambiri. N'chifukwa chake kusiya kumakonzedwa limodzi ndi dokotala, mlingo n'kumatsika pang'onopang'ono. Ngati n'kotheka, atengeni achemwaliwo tsiku lokaonana ndi dokotala kuti akadzimvere okha ndi kufunsa zawo. Munthu amene amakuonani kawirikawiri amatha kuona kusintha kumene inu mwini simukukuona, ndipo zimene anganene zikhoza kumuthandiza dokotala.

Pali zinthu ziwiri zimene simuyenera kudikira nazo tsiku limene anakulemberani. Maganizo ofuna kudzipha akabwera kapena akakula, uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Zimenezi timaziyang'anira kwambiri m'masabata oyambirira, mlingo ukangosinthidwa, komanso kwa osakwana zaka 25. Chachiwiri, mukaona kuti mukugona maola awiri atatu osatopa, mukulankhula mosadukiza, mukumwaza ndalama, kapena mukudzimva wamphamvu mwachilendo kwa masiku angapo otsatizana, musaganize kuti n'kuchira. Zikhoza kusonyeza matenda a bipolar, amene chithandizo chake n'chosiyana.

Popita kwa dokotala tengani pepala la ku labotale lija, mankhwala onse amene mumamwa ngakhale a apo ndi apo, a mutu, a chifuwa ndi azitsamba omwe, komanso kapepala kolembapo masiku amene mtima unalemera: linali tsiku lanji, munagona bwanji usiku wake, chinachitika n'chiyani, ndipo munali pati pa mwezi wanu. Za kuyezetsanso serotonin musavutike nazo, adzatuluka wotsika chimodzimodzi nthawi yonse imene muli pa fluoxetine. Mawa m'mawa mumwe kapisozi yanu imodzi monga mwa masiku onse.